NDODO ZIWIRI PA ULENDO WA M'MAPIRI: KODI ZOCHIPA ZINGASUNGE MAONDO A MUNTHU?

Kwathu kuno ndodo timaidziwa kuti ndi ya agogo, ya mbusa wa ng'ombe, kapena ya munthu amene wangodzuka kumene pa mphasa atadwala nthawi yaitali. Mnyamata wa mphamvu zake akaoneka akutsamira ndodo pa njira, anzake sacedwa kumfunsa ngati wapweteka mwendo. Koma awerengi athu amene anafikako ku Livingstone, kumene kuli kanjira kotsetsereka kopita ku Boiling Pot kunsi kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya, kapena amene anacezako ku Mulanje m'dziko la Malawi, angakhale ataona zodabwitsa. Amaona mlendo wa thanzi labwino, nsapato zolimba kumapazi, cikwama kumsana, koma m'manja atagwira ndodo ziwiri zoonda ngati miyendo ya kakowa, zikungolira kuti go, go, go pa miyala.

Ndodo zimenezi pa Cingerezi amaziti trekking poles, ndipo ku maiko a ku Ulaya ndi ku America zinasanduka malonda akulu. Zilipo za mtengo wakuti munthu wa kumudzi atamva angagwire pakamwa, ndipo zilipo zina zochipa zimene eni ake amati zimagwira nchito cimodzi-modzi. Mkangano wa pakati pa zodula ndi zochipa ndi wakale pakati pa anthu oyenda maulendo atali a pansi, ndipo ife tauona kuti ndi woyenera kuufotokoza pa tsamba lino. Cifukwa cake n'cakuti nkhani yeni-yeni si ya ndodo ai, koma ya maondo, ndipo bondo la mlimi wa ku Petauke ndi bondo la mlendo wa ku Germany onse amatha mofanana akamatsika phiri atasenza katundu.

KUMENE ZINACOKERA

Abusa a nkhosa ndi mbuzi a m'mapiri a Alps, pakati pa Ulaya, akhala akuyenda kuyambira makedzana ndi ndodo imodzi yaitali ya mtengo, yokhala ndi msomali wa citsulo kunsi kwake, yoti izigwira pa madzi oundana. Imeneyo sinasiyane kweni-kweni ndi ndodo ya abusa athu. Nzeru yogwira ndodo ziwiri inacokera ku masewera a nyengo ya cisanu, pamene anthu a kumeneko amamanga timatabwa titali-titali kumapazi ndi kumatsetsereka pa cipale cofewa, akudzikankha ndi ndodo dzanja ili ndi dzanja ilo. Cimene awerengi ambiri sangaciyembekezere n'cakuti kwa zaka zambiri ndodo za masewera amenewa zinali za nsungwi. Zina zinali za citsulo, koma zinali zolemera. Munali m'caka ca 1958 pamene Ed Scott, wa ku Sun Valley m'dziko la America, anapanga ndodo ya aluminiyamu, citsulo copepuka cija timapangira mapoto, ndipo nsungwi inayamba kuiwalika.

Ku Germany, munthu wina dzina lake Karl Lenhart anatsegula kanyumba kopalira matabwa m'caka ca 1948. Pambuyo pake anayamba kupanga zipangizo za ndodo za pa cipale cofewa, ndipo kampani yake inachedwa LEKI, kutenga malembo awiri oyamba a dzina lake ndi awiri oyamba a dzina la tauni ya Kirchheim unter Teck. M'caka ca 1974 kampaniyi inatulutsa ndodo yoyendera m'mapiri imene munthu angaitalikitse kapena kuifupikitsa monga afunira, pakuti inali ya timapaipi tolowana monga eriyo ya wailesi. Anaicha Makalu, dzina la phiri lalitali la m'malire a Nepal ndi China. Apa ndi pamene ndodo inasiya kukhala colemetsa pa ulendo, cifukwa munthu akafika pa malo ofuna kukwawa ndi manja, amangoifupikitsa ndi kuimangirira ku cikwama.

Anthu a ku Finland anawonjezerapo cina. Akatswiri ao a masewera a pa cipale cofewa anali ndi cizolowezi coyenda ndi ndodo zao ngakhale m'nyengo yotentha kuti matupi asafooke, ndipo m'caka ca 1997 kampani ya Exel inayamba kugulitsa ndodo zopangidwira kuyenda kotere. Posakhalitsa nkhalamba ndi amai a m'matauni a ku Ulaya anayamba kuoneka m'miseu ndi ndodo ziwiri, osati cifukwa codwala, koma cifukwa cosafuna kudwala.

AGOGO A ZAKA 67 NDI THUMBA LOSOKA OKHA

Kuti timvetse cifukwa cimene anthu amenewa amawerengera kulemera kwa ndodo ngati wogula golide, tiyenera kuona mtundu wa maulendo ao. Ku America kuli njira ya pansi yochedwa Appalachian Trail, imene imadutsa m'mapiri ndi m'nkhalango kucokera ku Georgia kufikira ku Maine, mtunda wa makilomita pafupi-fupi 3,500. Ilinso ina ya kumadzulo, Pacific Crest Trail, ya makilomita oposa 4,200, yocokera ku malire a Mexico kukafika ku malire a Canada. Caka ndi caka anthu amanyamuka kukayenda njira zimenezi ndi miyendo, miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, akugona m'thengo, osatumidwa ndi munthu ndiponso osalipidwa kanthu. Mlimi amene amayenda makilomita 15 kupita ku cigayo cifukwa cosowa njinga angaseke pomva zimenezi, ndipo ife sitimletsa kuseka. Komabe pa misala yaoyo anaphunzirapo zinthu zina zimene zingatithandize.

M'caka ca 1955 mai wina wa ku Ohio, Emma Gatewood, wa zaka 67, amene anabala ana 11, anauza a kwao kuti akukayenda pang'ono. Anakayamba njira ya Appalachian ali yekha ndipo anaitsiriza patapita masiku 146. Analibe tenti, analibe nsapato zolimba za m'mapiri. Anavala nsapato za nsalu, ndipo pa phewa anakoleka thumba limene anasoka yekha, m'mene munali bulangete, pulasitiki yodzichinjiriza nayo ku mvula ndi tizakudya pang'ono. M'dzanja munali ndodo ya mtengo. Amuna a mphamvu osenza katundu wambiri anali kulephera njira yomweyo, koma mai ameneyu anabwererakonso m'caka ca 1957 naitsirizanso.

Phunziro la mai Gatewood linakhala ngati laiwalika kufikira m'caka ca 1992, pamene Ray Jardine analemba buku lolangiza oyenda njira ya Pacific Crest kuti ataye zonse zosafunika, adule ngakhale malamba otsala a zikwama zao, ndi kudzisokera okha zogonera zopepuka. Kucokera pamenepo kunabadwa gulu la oyenda mopepuka. Iwo amayesa katundu wao yense pa sikelo, kupatula cakudya, madzi ndi mafuta ophikira, ndipo amene katundu wake sapitirira makilogalamu 9 amati ndi wopepuka, pamene wosapitirira makilogalamu anai ndi theka amati ndi wopepukitsitsa. Tangoganizani, nyumba, zofunda, poto ndi zovala za miyezi isanu, zonse pamodzi osakwana mapaketi asanu a shuga.

Jardine mwini wake sanakonde ndodo, anaziyesa katundu wacabe ndipo anasankha kunyamula ambulera. Koma om'tsatira ambiri anaona mwina. Iwo anati ngati munthu ali kale ndi ndodo ziwiri m'manja, palibe cifukwa conyamuliranso mizati ya tenti. Madzulo akafika pogona amaimika ndodo zija, nakoleka nsalu pamwamba pake, kukhomera zingwe pansi, nyumba yatha. Lero matenti ambiri opepuka amagulitsidwa opanda mizati pa cifukwa cimeneci. Conco kwa munthu wotere ndodo ikathyoka masana, usiku agona pa mvula.

ZIMENE OFUFUZA ANAPEZA

Ali yense amene anatsikapo phiri atasenza thumba la cimanga kapena mtolo wa nkhuni adziwa kuti kukwera kumatopetsa cifuwa, koma kutsika kumapweteka maondo. Pokwera, minofu ya m'nchafu imakoka thupi kupita nalo m'mwamba. Potsika, minofu yomweyo imagwira nchito ya mabuleki, kuletsa thupi ndi katundu kuti zisagwere kutsogolo, ndipo phazi liri lonse likatera pansi, bondo limalandira kulemera koposa kwa thupi la mwini wake. Ndico cifukwa cake m'mawa mwake munthu amadzuka miyendo ili gwa, nalephera ngakhale kunjuta.

M'caka ca 1999 Hermann Schwameder ndi anzake a ku yunivesite ya Salzburg, m'dziko la Austria, anafalitsa zimene anapeza atayendetsa anthu pa malo otsetsereka kwambiri, nthawi zina ndi ndodo, nthawi zina popanda, akuyesa ndi makina mphamvu imene imagwera pa bondo. Anapeza kuti ndodo ziwiri zimacotsa pa bondo magawo 12 kufikira 25 pa magawo 100 ali onse a mphamvu imeneyo. Kulemerako sikuti kumasowa ai, kumangosamukira ku manja ndi mapewa, amene pa ulendo wa masiku onse amangolendewera osagwira kanthu.

Ofufuza ena a ku yunivesite ya Northumbria ku England anatenga amuna ndi akazi 37 nakwera nao phiri la Snowdon ku Wales, lotalika mamita 1,085. Ena anapatsidwa ndodo, ena anayenda cimanja-manja. Zotsatira zake, zimene zinafalitsidwa m'caka ca 2011, zinaonetsa kuti a ndodo aja anamva kuwawa kocepa m'masiku otsatira, mphamvu za m'miyendo zinabwerera msanga, ndiponso m'magazi mwao munapezeka zizindikiro zocepa za kuphwanyika kwa minofu.

Pa phiri la Kilimanjaro ku Tanzania, lotalika mamita 5,895, ndi pamene zimenezi zimaoneka poyera. Alendo amene afika pa nsonga m'mamawa amatsika tsiku lomwelo, ambiri kufikira ku msasa wa Mweka umene uli pa mamita pafupi-fupi 3,100. Kutsika mamita oposa 2,500 tsiku limodzi, pa miyala yogumuka ndi fumbi, si masewera, ndipo m'tauni ya Moshi muli anthu amene amapeza ndalama pobwereketsa ndodo kwa alendo amene anabwera opanda.

Tisabise mbali inayo. Kuyenda ndi ndodo sikucepetsa nchito ya thupi lonse, pakuti manja akayamba kugwira nchito, mtima umagunda mofulumirapo ndipo thupi limadya mphamvu zoculukirapo, ngakhale kuti woyendayo amamva ngati ulendo wapepuka. Ndiponso madokotala a bungwe la okwera mapiri la dziko lonse, la UIAA, anacenjeza kuti munthu wozolowera kutsamira ndodo nthawi zonse angayambe kutaya luso lodziimira yekha pa malo oterera. Mwana wa kumudzi amene amaoloka mtsinje pa mtengo umodzi ndi cidebe pamutu ali ndi luso limene mlendo sangaligule m'sitolo, ndipo sitikufuna kuti alitaye. Ndodo ndi ya potsetsereka, ya pa katundu wolemera, ya pa matope, ndi ya maondo amene ayamba kudandaula.

ZODULA NDI ZOCHIPA

Tsopano tifike pa ndalama. Ndodo ziwiri za makampani ochuka monga LEKI kapena Black Diamond zimafika madola a ku America 150, zina kupitirira 200. Pamene zochipa, monga za Cascade Mountain Tech zimene zinachuka cifukwa cogulitsidwa m'masitolo a Costco ku America, kapena za kampani ya ku France ya Decathlon, kapenanso zopanda dzina lodziwika zocokera ku mafakitale a ku China, zimapezeka pa madola 25 kufikira 50. Kodi munthu wolipira kanai kapena kasanu amalandira ciani cimene mnzake salandira?

Tiyambe ndi thunthu la ndodo. Pali mitundu iwiri. Woyamba ndi wa aluminiyamu, ndipo wolimba koposa ndi umene amaulemba nambala 7075, wosanganiza ndi zinki, umene amapangiranso ziwalo za ndeke. Wa nambala 6061 ndi wofewerapo. Mtundu waciwiri ndi wa ulusi wa kaboni woumbidwa ndi guluu wolimba, wakuda, wopepuka modabwitsa. Ndodo ziwiri za aluminiyamu zimalemera pafupi-fupi theka la kilo kapena kupitirira pang'ono, pamene za kaboni zimakhala pakati pa magalamu 300 ndi 450. Kusiyana kwake ndi kocepa ngati kamtanda ka sopo, koma amene amayenda makilomita 20 pa tsiku amaponda pansi koposa ka 25,000, ndipo dzanja limatukula ndodo ulendo wonsewo. Pamenepo kamtanda ka sopo kamayamba kumveka.

Koma kupepuka kuli ndi mtengo wake wina. Ndodo ya aluminiyamu ikalowa pakati pa miyala munthu n'kugwa nayo, kawiri-kawiri imangopindika, ndipo angaiongole pang'ono-pang'ono pa bondo kapena pa mphanda ya mtengo, ulendo n'kupitirira. Ya kaboni sipindika. Imapirira kufikira pamene yalephera, ndipo pamenepo imangoti thyo, n'kusiya nsonga zobaya. Ngakhale kukalika kwakuya ndi mwala kungaifooketse mosaoneka. Pa ici ndodo ya madola 200 ndi ya madola 30 zimafanana, zonse zimathyoka, kusiyana kwake ndi kulira kwa mwini wake. Kwa munthu wokhala kutali ndi sitolo, amene sangalembe kalata ku kampani kuti amtumizire cigawo cina, ife tikuona kuti aluminiyamu ndiye wanzeru.

Pamene zochipa zimagonja kawiri-kawiri ndi pa loko, kacipangizo kamene kamagwira timapaipi kuti tisalowane munthu akatsamira. Maloko ali a mitundu iwiri. Wina ndi wopotokola: mkati mwa paipi muli kapulasitiki kamene kamatupa munthu akapotoza ndodo. Loko ameneyu akalowa fumbi, mcenga kapena madzi amayamba kuterera kapena kukakamira, ndipo popeza ali mkati, munthu saona cimene calakwika. Wina ndi wopana kunja, wofanana ndi kacitsulo kaja kamene kamapana cishalo pa njinga zina za makono. Ameneyu amaoneka ndi maso, ndipo akayamba kumasuka munthu amangomanga kasikuluu kake ndi cala kapena ndi kandalama kacitsulo. Nkhani ya loko si yaing'ono. Munthu amatsamira ndodo ndi thupi lonse pa nthawi imene phazi laterera, ndipo ngati ndodoyo ifupika mwadzidzidzi pa nthawi yomweyo, kugwa kwake kumaposa kwa munthu wopanda ndodo. Ndodo yochipa ya loko wopana kunja iposa yodula ya loko wopotokola amene watha.

Kunsi kwa ndodo kuli kansonga kakang'ono ngati njere ya mapira. Pa ndodo zabwino kansongaka ndi ka tungsten carbide, citsulo colimbitsitsa cimene abale athu amene anagwirapo nchito ku migodi ya ku Copperbelt acidziwa, pakuti ndi comwe cimakhala ku mano a zoboolera miyala. Kamaluma pa thanthwe osaterera. Zochipa zambiri masiku ano zili nako, koma zina zimaika citsulo wamba cimene cimafumbutuka msanga, ndiponso pulasitiki yogwira kansongako imatha kusweka. Pogwirira napo pali kusiyana. Zodula zimakhala ndi khungwa la mtengo wa cork, umene umamera kwambiri ku Portugal, dziko limene limatulutsa pafupi-fupi theka la khungwa lotere pa dziko lonse, ndipo amausenda kamodzi pa zaka 9 ziri zonse osaudula. Khungwali limamwa thukuta ndipo silitentha m'manja. Zina zimakhala ndi siponji yolimba, imenenso ndi yabwino. Zoyenera kupewa m'dziko lotentha ngati lathu ndi za pulasitiki youma kapena mphira, zimene zimaterera ndi thukuta ndi kutulutsa matuza.

Ogulitsa amakonda kutamanda ndodo zokhala ndi sipuling'i mkati, akuti zimacepetsa kugunda kwa m'manja. Oyenda maulendo atali ambiri sazifuna. Sipuling'i imawonjezera kulemera, imalira njira yonse, ndipo ndi cinthu cinanso cimene cingaonongeke. Zilinso zina zopinda patatu, zolumikizidwa ndi cingwe mkati, zimene zimafupika kufikira masentimita 40 n'kulowa m'cikwama. Ndi zabwino kwa wokwera ndeke, koma cingweco cikaduka kumudzi palibe wocikonza.

Amene angazipeze m'sitolo ya m'tauni, kapena mwamwai pa salaula, asacite manyazi pamaso pa wogulitsa. Aitalikitse ndodoyo, atseke maloko, aiimike pansi ndi kuitsamira ndi thupi lonse kangapo, kenaka aone ngati yafupika ngakhale pang'ono. Aigwedeze pafupi ndi khutu, pakuti yolira gwede-gwede ndiye kuti timapaipi take sitigwirana bwino. Asolole cigawo ciri conse ndi kuciyang'ana pa dzuwa, kufuna ming'alu pa ya kaboni ndi ufa woyera wa dzimbiri pa ya aluminiyamu. Safunsa anadya phula.

KAGWIRIDWE KAKE

Ndodo yabwino m'manja mwa wosadziwa kuigwira ndi katundu cabe. Utali woyenera umapezeka motere: imirirani pa malo osalala, gwirani ndodo nsonga ili pansi pafupi ndi phazi, ndipo mkono wanu kucokera pa cigongono kufikira pa dzanja ukhale wogona mofanana ndi nthaka. Kwa munthu wa msinkhu wa masentimita 170, ndodo imakhala ya masentimita pafupi-fupi 115. Pokwera ifupikitseni ndi masentimita 5 kapena 10, potsika italikitseni comweco, kuti ifike pansi patsogolo panu inu musanawerame. Pa kapaipi kali konse pali mzere wolembedwa STOP, ndipo wosolola kupitirira pamenepo akudzithyolera yekha ndodo.

Lamba wa pa cogwirira ambiri amamulowa molakwika. Dzanja lilowe kucokera kunsi kupita m'mwamba, kenaka litsike kugwira lamba ndi cogwirira pamodzi, kuti kulemera kugwere pa lambayo, zala zisamafinye ndodo tsiku lonse. Poyenda, ndodo ya kumanja imapita pamodzi ndi phazi la kumanzere, monga momwe manja amayendera okha munthu akamayenda. Koma pa malo a miyala yambiri, kumene kugwa kuli pafupi, ndi bwino kuturutsa manja m'malamba, kuti mukagwa ndodo itayike payokha osapotokola dzanja.

Pooloka mtsinje m'nyengo ya dzinja, yang'anani kumene madzi akucokera, zikani ndodo patsogolo panu, ndipo sunthani cinthu cimodzi pa nthawi imodzi, phazi kapena ndodo, zina zonse zili cigwirire pansi. Madzi opitirira m'nchafu ndi othamanga, ndodo sizingakupulumutseni, dikirani aphwe. M'udzu wautali ndodo itsogole, kuti njoka imve kubwera kwanu isanaone mwendo wanu. Mphezi zikayamba muli pamwamba pa phiri, ziikeni pansi kutali ndi inu ndipo tsikani pa msonga, pakuti aluminiyamu ndi kaboni zonse zimapititsa magetsi. Mukavumbwa nazo, zisololeni zigawo zonse ziume musanazisunge, ndipo musathire mafuta kapena girisi mkati, cifukwa loko amagwira ndi kuuma. Kumalo ena osungidwa, monga njira yakale ya Inca yopita ku Machu Picchu m'dziko la Peru, salola nsonga za citsulo popanda kuzivundikira ndi mphira, cifukwa zimakala miyala ndi kukumba njira.

Kwa agogo amene amagwa-gwa, kapena munthu amene mwendo unafooka ndi matenda, ndodo za m'mapiri si mankhwala. Ameneyo apite ku cipatala akamuone, pakuti ndodo ya wodwala ili ndi kapangidwe kake.

NANGA NSUNGWI YATHU?

Alendo obwera ku cigwa ca Luangwa kudzaona nyama akuyenda pansi, mwambo umene Norman Carr anauyambitsa kumeneko, safuna ndodo kweni-kweni, pakuti malo ndi a cidikha ndipo amayenda pang'ono-pang'ono kumbuyo kwa msilikali wa nyama. Koma dziko lathu liri ndi zitunda zake: mapiri a Muchinga, mapiri a Mafinga ku malire ndi Malawi amene amapitirira mamita 2,000, Nyika, ndi zigwembe za Batoka kunsi kwa mathithi. Ndipo koposa alendo, alipo anthu athu amene amatsika ndi kukwera zitunda zotere mlungu ndi mlungu, atasenza nsomba zouma, makala kapena mbeu. Iwowa ndiwo afunika kusunga maondo koposa mlendo wa masiku atatu, ndipo sayenera kudikira madola 30.

Tanena kale kuti Azungu anatsetsereka pa cipale cofewa ndi nsungwi kwa zaka zambiri. Nsungwi ya kwathu kuno ili ndi ubwino wina, pakuti yambiri ndi yothithikana mkati, kabowo kake n'kakang'ono kapena kulibe, conco siphwanyika msanga. Sankhani yokhwima, ya zaka zitatu kapena kuposa, imene khungu lake lasiya kubiriwira kwa unyamata, yonenepa ngati cala cacikulu ca kudzanja kapena kupitirira pang'ono. Iduleni mvula ikangotha, pamene zotsekemera za mkati zacepa, kuti afumbwe asaikonde. Iumitseni pa mthunzi milungu ingapo, osati pa dzuwa, kuopa ming'alu. Ngati ili yokhota, iwambeni pa makala mukuitembenuza kufikira itatuluka thukuta, muiongole ikali yotentha, ndipo ikazizira idzakhala comweco. Kuipacika ku denga la khichini kuti idye utsi kumaithandizanso kukhalitsa.

Podula utali, onetsetsani kuti kunsi kwathera pa mfundo, cifukwa pamenepo ndi polimba ndipo dothi silingalowe. Vekani kunsiko kacidutswa ka paipi ya citsulo kapena ka payipi ya mphira yothirira madzi, kuti isaphwasuke pa miyala. Pogwirira kulungani nsalu yolimba kapena cingwe ca khonje, pakuti mphira ya cubu ca njinga imatentha m'manja. Popeza nsungwi sifupika ndipo sitalika, isiyeni yaitali ndi cikhato cimodzi kuposa muyeso wa pa cigongono, ndipo kulungani pogwirira patali, kuti pokwera muzigwira m'munsi, potsika muzigwira pamwamba. Boolani kabowo pansi pa mfundo ya pamwamba ndi msomali wotentha, mupisemo lamba wa cikwama cakale.

Acinyamata okhala pafupi ndi malo ofikako alendo angapezepo kandalama pa nchito imeneyi, pakuti si alendo onse amabwera ndi ndodo zao. Ku Mulanje osema akhala akugulitsa ndodo kwa okwera phiri la Sapitwa, lotalika mamita 3,002, koma zambiri zinali za mkungudza wa pa phirilo, mtengo wonunkhira umene sumera mwacibadwa kwina kuli konse pa dziko, ndipo umene unatsala pang'ono kutheratu cifukwa ca odula matabwa ndi moto wa m'thengo. Nsungwi ilibe vuto limenelo, mukadula zokhwima zocepa pa tsinde, mvula ikagwa zina zimaphuka.

Pamene nsungwi igonja kwa ndodo ya m'sitolo ndi pa basi. Siingalowe m'cikwama, conco muyenera kuigoneka pansi pa mipando kapena kupempha kondakitala kuti aimangirire pamodzi ndi katundu, ndipo mukatsika muikumbukire.